Kokatenga dothi ku njanji ya ku Phokeng

Ndinatuluka m'chipinda chathu ku Tlhabane m'mamawa wa Lachinayi, chisanu cha mu Juni 1997 chikuluma zala. Thupi la amuna anga, bambo a Tereza, linali loti linyamuke mawa lake kupita ku Ntcheu. Apongozi anali atanenetsa pa foni kuti bokosi lisabwere lopanda dothi la pamalo pomwe mwana wawo anafera, apo ayi mzimu wake utchona ku Joni mpaka kalekale. Choncho ndinapinda kansalu koyera, n'kukwera tekisi ya marandi awiri yopita m'tauni ya Rustenburg.

Bambo a Tereza anali kapitawo wa gulu lokonza njanji yonyamula miyala ya ku migodi. Chaka chimenecho kampani inachotsa akapitawo ambiri, otsalawo n'kuwasenzetsa zigawo za anzawo. Ntchito zina za ukapitawo anazikankhira kwa amisiri, owotcherera ndi a zamagetsi, osawawonjezera kanthu. Amisiri anakwiyira akapitawo otsala, ati anagulitsa anzawo. Amuna anga ankangofika kunyumba, kuvula nsapato, n'kukagona. Tsiku la tsokalo ine ndinangouzidwa kuti agwa ku ntchito, mtima waima. Malo ake sindinkawadziwa.

M'tauni tekisi ya ku Phokeng inakana kunyamuka isanadzaze. Ndinagula magwinya awiri, mandasi a kunoko, kwa mayi wina amene ataona duku langa lakuda anandiwonjezera lachitatu. Dalaivala analandira marandi anayi, n'kulumbira kuti malo a okonza njanji amawadziwa ngati pakhomo pake. Ananditsitsa polakwika. Ndinayenda m'mbali mwa njanji, malole a ku mgodi akundithira fumbi, mpaka dzuwa litakwera.

Pageti mlonda anandifunsa kuti ndabwera kwa ati. Ndinati kwa anzawo a amuna anga. Iye analoza ndi mlomo. Pakhomo pa ofesi panali ketulo ya akapitawo, kuseri kwa shedi kunali ketulo ya amisiri. Tiyi yemweyo, moto pawiri.

Ndinayamba ndi a Molefe, kapitawo wotsala, Mtswana wamtali wa maso otopa. Anandipepesa bwino, nandikweza m'galimoto ya kampani mpaka pomwe njanji imakhota. Njira yonse ankafotokoza kuti tsikulo amisiri anakana kunyamula jeke, ati si ntchito yawo, ndiye bambo a Tereza anaisenza okha mpaka kugwa nayo. Anandisonyeza malowo. Panalibe dothi, miyala yokhayokha ija amayala pansi pa njanji. Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja mpaka ndinapeza dothi pang'ono, n'kuliika m'kansalu kaja. A Molefe anandikumbutsa kuti miyalayo ndi ya kampani, ndiibwezere m'malo mwake. Ndinaibwezera, zala zikutuluka magazi.

Titabwerera dzuwa lili paliwombo, ndinamva munthu akundiitana m'Chichewa. Anali Che Saidi a ku Mangochi, wowotcherera, amene kale ankadya kwathu masiku opuma, koma chiyambire mkanganowo sanapondekonso.

"Alamu, dothi mwatengalo si lenileni," anatero. "Ku njanji kuja anangokomoka. Anadzuka, anamwa madzi. Tinawanyamula ife mpaka pakhomo pa ofesi apa. Anafera pano, podikira galimoto imene bwana wanuyu anapita nayo ku chigawo china."

A Molefe anayankha kuti zigawo zitatu galimoto imodzi si iwo anakonza. Che Saidi anati mpando wa ukapitawowo a Molefe anaukonda okha. Anayamba kukalipirana m'chilankhulo chosakaniza cha ku migodi, ine nditaima pakati ndi kansalu kanga. Amisiri ena anabwera, wina ali ndi kapu m'manja. Aliyense ankafuna kuti amuna anga afere pamalo poti mnzake apezeke wolakwa.

Ndinawasiya atokote, kenaka ndinati ine sindinabwere kudzaweruza mlandu, ndipo galimoto ya maliro sidikira kuti amuna awiri amalize kukangana. Ndinayang'ana pakhomo pa ofesi paja. Panali simenti. Ndinapempha Che Saidi kuti andiswere pang'ono pakona.

"Kuswa simenti ndi ntchito ya omanga, alamu," anatero, pakamwa patathamanga. Atamva okha zimene anena anayang'ana pansi. A Molefe nawo anati simentiyo singasweke popanda chilolezo cha akuluakulu.

Ndinalanda supuni m'kapu ya mmisiri uja, ndinagwada, n'kukokota dothi la mumng'alu wa simenti. Linali lochepa, lakuda ndi mafuta a makina. Ndinalithira m'kansalu momwe munali la ku njanji lija, n'kumanga mfundo. Ponyamuka Che Saidi anafuna kundiperekeza, a Molefe anati andikweze m'galimoto. Ndinaona kuti ayambanso, ndiye ndinapita ndekha wapansi.

Ndinafika ku Tlhabane madzulo, amayi a mpingo akuimba pabwalo. Mawa lake, asanakhomerere bokosi, ndinaika kansaluko kumutu kwa amuna anga.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti pantchito pakalowa chidani, ngakhale wakufa amamukokerana ngati bulangete la m'chisanu. Apongozi atafunsa ngati dothilo ndi la pamalo penipeni, ndinati inde. Sindinaname. Kaya anafera ku njanji kaya pakhomo pa ofesi, konseko ndinagwadako.