Chaka Chimene Ofesi Inasamukira M'chipinda Changa

Cha m'ma 2009, migodi itayamba kuchepetsa anthu, kampani imene ndinkagwirako ntchito inatseka ofesi yake ya ku Rustenburg. Tinkagulitsa majombo, magolovesi ndi zipewa zolimba kwa makontalakita a m'migodi. Anzanga awiri anawachotsa. Ine anandipatsa laputopu, foni ndi kachipangizo ka intaneti kobaya m'mbali. Abwana athu, mayi wachitswana wa kulikulu ku Johannesburg, anati ndizilandirira maoda kunyumba.

Kunyumbako kunali kachipinda kakuseri ku Zinniaville, komwe ndinkakhala ndi malume anga. Iwo anabwera ku Joni ine ndisanabadwe, anakalambira pansi pa mgodi, ndipo tsopano ankadya penshoni osatchulanso za ku Dedza.

Ndinkadzuka, kusamba, kuvala malaya ositasita, kenako n'kukhala pabedi laputopu ili pamiyendo. Ikamakwana naini koloko ndimakhala nditatuluka kale katatu kukaima pageti. Matekisi ankadutsa atadzaza anthu opita kuntchito, ine n'kumamva ngati andisiya.

"Mphwanga, ngati anakuchotsa ntchito ungondiuza," anatero malume tsiku lina. "Si zamanyazi."

"Ntchito ilipo, malume. Ndi imeneyi."

"Ntchito yogwira utavula nsapato?"

Anzathu a ku Mangochi okhala pabwalo lomwelo ankaganizanso chimodzimodzi. Wina ankandisiyira makiyi, wina ankati ndimuanulire zovala mvula ikabwera. Sindinkakana. Kunena zoona, ndinkasangalala kupeza chifukwa chodzukira pabedi paja.

Abwana nawo mtima sunali m'malo. Ankaimba foni pafupipafupi: "Muli kuti? Mukutani panopa?" Ndikangoyamba kulemba oda, foni. Ndikamaliza kuyankha, ndaiwala pamene ndinalekezera, ndiye n'kutulukanso panja.

Lachitatu lina ndinaperekeza mayi wina wa pabwalopo kuchipatala, poti Chitswana changa chinali chabwinoko kuposa chawo. Tinatha tsiku lonse pamzere. Ndili komweko, kontalakita wa ku Mabeskraal anatumiza imelo yofuna majombo a antchito ake atsopano oyamba Lolemba. Ndinaiona madzulo, galimoto ya katundu ya sabata imeneyo itanyamuka kale. Lolemba anthu aja anawabweza pageti la mgodi poti analibe majombo.

Abwana anabwera okha pagalimoto. Anakhala pampando umodzi wokha umene tinali nawo, n'kuyang'ana bedi, laputopu, ndi makiyi a eni ake atapachikidwa pamsomali. Ndinawauza zonse, osabisa.

"Ndimakuimbirani chifukwa sindikuonani," anatero. "Koma ngakhale ndiimbe kakhumi, majombo aja sanapite. Ndiye tichite bwanji?"

"Muziimba kawiri basi. Pakati pake muzindisiya ndigwire ntchito."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti mukugwiradi?"

Tinakambirana mpaka masana. Tinagwirizana kuti aziimba eyiti koloko m'mawa ndi folo koloko madzulo. Imelo ya kasitomala isamathe ola isanayankhidwe, ndipo ndisanaweruke ndiziwatumizira mndandanda wa zimene zatheka ndi zimene zakanika. Lachinayi ndiziyendera makontalakita maso ndi maso. Asananyamuke tinapita kushopu ya mmwenye, komwe anandigulira tebulo.

Malume anamva zonsezi ali panja. Chimene chinawakhutiritsa n'chakuti bwana weniweni anabwera pagalimoto. M'mawa mwake anaika kabenchi pakhomo n'kukhalapo. Aliyense wondifuna ankamuuza kuti, "Ali pa shifiti. Mubwere ikakwana chayile," kutanthauza nthawi yoweruka, monga ankanenera kumgodi. Mayi a kuchipatala aja anatha milungu iwiri osandipatsa moni, ati ndayamba matama. Zinandipweteka, koma makiyi anasiya kubwera.

Maoda anayamba kuyenda bwino, abwana anasiya kudandaula. Koma miyendo yanga sinakhazikike. Ndinayamba kudzuka m'mamawa kuyenda mpaka pokwerera matekisi, kudutsa pamzikiti, n'kubwerera eyiti isanakwane. Lachinayi ndinkalidikira ngati mwana wodikira holide. Kwa makontalakita ndinkachedwa dala, kumwa tiyi wawo, kumvetsera nkhani za mpira zimene sindinkazitsata n'komwe.

Mu 2012 kampani inalemba mtsikana wina m'tauni ina ya migodi kuti azigwira ntchito ngati ine, ndipo abwana anati ndimuimbire ndimulangize. Ndinamuuza za tebulo, za kuimbiridwa foni kawiri kokha patsiku, za kuuza anzake apafupi nthawi yake yoweruka. Anamvetsera, kenako anafunsa kuti, "Nanga masana, m'nyumba mukangoti zii, mumatani?"

Ndinamuuza kuti ndimaimbira kasitomala aliyense, ngakhale pa nkhani yoti imelo ikanakwana. Anaseka, n'kunena kuti azindiimbira ineyo, ndipo ankaimbadi, pafupifupi masana alionse.