Khadi Loyera la a Kalipentala

Napenti ndi mwana wachiwiri wa kalipentala ndi telala. Bambo ake ndi aja amakhoma mipando kuseri kwa msika, munthu wosaseka pachabe, woti thabwa likapindika pang'ono amaliyang'ana ngati lawatukwana. Mai ake amasoka madiresi pakhonde, ndipo kunena mosapsatira, nzeru za m'banja limeneli zinachokera kwa iwowa, ngakhale abambowo amakana. Napenti naye ali ndi ana awiri, wamkulu namwino, wamng'ono wazamagetsi, onse aulemu, onse owala nkhope ngati agogo awo aakazi.

Dzina lakelo analipata ali wamng'ono, chifukwa ankajambula paliponse: pakhoma, kuseri kwa makope, tsiku lina mpaka pathabwa limene bambo ake anali atalisalaza kale. Atakula anakhala wolemba zikwangwani. Amuna ena ankaseka poona mkazi ali pamwamba pa makwerero, chitini cha penti chili m'manja, koma lero ndi omwewo amene amamudikira pakhomo kuti akawalembere mayina a mashopu awo. Nkhuku imene Napenti angajambule pakhoma la lesitilanti, wodutsa amachita kumeza malovu.

Nthawi ya mvula ntchito ya penti imagona, poti khoma lonyowa silimva bulashi. Chaka china mvula itamutsekera m'nyumba, Napenti anadula makatoni a sopo, nawapaka penti yoyera kuti akhale makhadi, n'kupanga masewera akeake amene anawatcha Mlatho wa Chimphona. Pathabwa la pulayiwudi anajambula njira yokhotakhota, yowoloka mlatho ndi kukwera phiri, kumene chimphona chinabisa nyali ya dziko lonse. Aliyense amatenga batani m'chitini cha mabatani cha mai ake, amaponya dayisi, n'kuyenda. Ukagwera pabwalo lofiira umatola khadi, ndipo khadilo ndi limene limanena ngati upite kutsogolo kapena ubwerere. Ndalama palibe. Wotsalira kumbuyo amatsuka makapu, basi.

Chimene chinakometsa masewerawo ndi nkhope za pamakhadi. Lamulo linali lakuti munthu akafika pa nyali koyamba, Napenti amamujambula. Chimphona cha Tulo chinali ndi nkhope ya mwamuna wake, dalaivala wa lole, pakamwa pali yasa. Mbuzi Yolankhula inali mnzake wa pasaluni, ndolo zake zomwe. Mfumukazi ya Mitambo, yokongola kuposa makhadi onse, sipafunika n'kunena komwe kuti inali mai ake. Lamlungu lililonse masana, pabalaza pa Napenti pankadzaza anthu ndi phokoso.

Koma a kalipentala atangoona makhadi ndi dayisi patebulo tsiku loyamba, anatembenukira pakhomo pomwepo. Mng'ono wawo anataya macheka, hamala ndi njinga yomwe chifukwa cha juga, ndipo kwa iwo khadi linali khadi, kaya pakhale chimphona kaya mngelo. Napenti anayesa kuwafotokozera kuti pano chimatayika ndi sopo wotsukira makapu yekha, koma iwo anati nyumba imene muli zimenezo phazi lawo silidzapondamo, ndipo nkhope yawo isadzaoneke pakatoni ya munthu.

Anasunga mawu awo. Lamlungu ankaperekeza akazi awo, n'kukhala panja pabenchi, wailesi ili pamwendo, nkhope kumsewu. Tiyi ankamwera komweko. Napenti ankaseka ndi anzake m'nyumba, koma kumutu kwa tebulo ankasiya mpando umodzi wopanda munthu, mpando woti anakhoma ndi bambo akewo, ndipo aliyense wofuna kukhalapo ankauzidwa kuti afune pena. Zinkamuwawa mwanayo. Kutaya masewera amene anasonkhanitsa banja lonse sanafune, komanso bambo ako kumamwera tiyi panja ngati wodzagulitsa makala, anthu odutsa aziti chiyani?

Ndiye dayisi yapulasitiki ija inagwera mu ngalande. Napenti anatola kachidutswa ka thabwa, nakasema ndi mpeni wa kukhitchini, n'kudontheza timadontho ta penti. Kanali kopendama ngati chisakasa cha wodwala msana, ndipo kankangotulutsa awiri ndi asanu. Lamlungu lotsatira wa pasaluni, atatopa ndi awiri, anakaponya mwaukali. Kanadumpha patebulo, kanagubuduka kudutsa pakhomo, kanakaima pansapato ya a kalipentala.

 Abambowo anakatola, nakatembenuza uku ndi uku, nakayang'ana ndi diso limodzi monga achitira ndi mwendo wa tebulo.

"Wasema ichi ndani?"

"Ndine, ababa," anayankha Napenti ali pakhomo.

"Mwana wa kalipentala?"

"Mpeni wake unali wobuntha, ababa."

"Usanamizire mpeni. Wakulira m'utuchi iwe, koma kona imodzi yokha yowongoka yakukanika. Anthu akatola ichi pamsewu adzati bambo ake ndani?"

Anakaponya m'thumba la jekete, naitana akazi awo kuti azipita. Napenti anangoti basi, kapita kukasonkhera moto, masewera athera pomwepa. Koma mai ake potuluka anamutsina pamkono n'kumunong'oneza kuti asachotse mpando uja.

Lamlungu linalo a kalipentala sanakhale pabenchi. Anaima pakhomo, mapazi onse ali kunja, natambasula dzanja. M'dzanjamo munali dayisi ya mtengo wolimba, yosalala ngati dzira, makona ake ofanana, timadontho towotcha ndi msomali wamoto. Anati sanabweretsere juga, angofuna kuchotsa manyazi pa dzina la shopu yawo.

Apa m'pamene panaoneka nzeru za telala uja. Mwamuna wawo ali ndi chizolowezi chimene sanaphonyepo chiyambire ntchito: sapereka mpando asanaukhalire, sapereka chitseko asanachitsegule ndi kuchitseka pamalo pake penipeni, mwini wake akuona. Mai aja sanadzutse ndi mutu womwe, anangofunsa akusankha mabatani.

"Mwaiyesa?"

"Ndaiyesa kushopu."

"Pasimenti paja? Kodi izikagwira ntchito pasimenti? Chitseko mumachiyesera pansi inu? Mwakalamba ndithu, bambo a ana, mwayamba kupereka katundu wosayesa."

Abambowo anayang'ana kudenga, anayang'ana kumsewu, kenako anapukuta nsapato pachiguduli n'kulowa. Anakana kukhala. Anaima chilili pambali pa tebulo, nachenjeza onse kuti akuyesa ntchito chabe. Anaponya, kunatuluka atatu. Anaponyanso, mmodzi. Anagwedeza mutu mokhutira n'kupitiriza, poti dayisi siyesedwa kamodzi. Sanaone kuti nthawi iliyonse akaponya, wa pasaluni ankakankha kabatani kakuda panjira paja ndi chikhadabo chake chachitali, ena n'kumaponya nawo pakati ngati akuthandiza kuyesa.

Anadzazindikira kabatani kali pafupi ndi mlatho. Anafunsa kuti kameneko n'ka ndani. Wa pasaluni anati n'kawo.

"Ngati n'kanga, bwanji mwakayendetsa anayi pomwe ine ndaponya sikisi? Mukundibera ndikuona?"

Anakakankha okha mabwalo awiri otsalawo, ndipo pofuna kuonetsetsa bwino anakoka mpando uja n'kukhala. Napenti anathawira kukhitchini, ati kukaona madzi a tiyi, koma anabwerako maso ali ofiira, ketulo ataiiwala komweko.

Batani lawo linagwera pofiira. Anatola khadi ndi zala ziwiri ngati latentha, nalitembenuza: Chimphona cha Tulo. Anayang'ana khadilo, anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ananso khadilo. Mapewa anayamba kugwedezeka, kenako chiseko chinaphulika, choti adzukulu awo anali asanachimvepo chibadwire. Dalaivala anadandaula kuti iye sagona choncho, koma ana ake omwe anamutsutsa. Patsogolo pang'ono anatola Mfumukazi ya Mitambo, imene inawabweza kutsidya la mlatho. Anang'ung'udza kuti kunyumba ndi zomwezi, kunonso zomwezi, munthu athawire kuti. Koma dayisi inamudziwa mwini wake. Dzuwa lisanalowe batani lakuda linali pa nyali, ndipo mkamwini anali kukhitchini, manja m'thovu.

Namwino ndiye anakumbutsa lamulo, kuti wofika pa nyali koyamba amajambulidwa. Onse anadikira kuti agogo akane monga analumbirira paja. Iwo anatsokomola, nati lamulo ndi lamulo, iwo si munthu wophwanya malamulo m'nyumba ya eni.

Khadi limenelo mpaka lero silinajambulidwe. Napenti anawajambula ngati Mlonda wa Mlatho, iwo anakana ati dazi lachuluka. Anawonjezera tsitsi, anati tsopano akufanana ndi mng'ono wawo wajuga uja. Anawapempha kuti akhale phee pampando awajambule akuwaona, koma Lamlungu iwo alibe nthawi yokhala phee, amalowa akufunsa kuti batani lawo lili kuti, ndipo ndi iwo amakalipira ochedwa. Choncho pakati pa makhadi pali limodzi loyera, lopanda kanthu, ndipo anagwirizana kuti wolitola amayenda mmene a kalipentala anenere. Akalitola mkamwini, amabwerera poyambira.

Sabata iliyonse potsanzikana abambowo amaima pakhomo n'kunena kuti, "Iwe, khadi langa lija?" Napenti amayankha kuti lidzatha tsiku limene iwo adzavomere ndi pakamwa pawo kuti Mlatho wa Chimphona si juga. Iwo amati akadali kuyesa dayisi, ntchito yake sinathe. Mai ake amangotola mabatani awo n'kubwezera m'chitini, osaweruza, ngakhale aliyense akudziwa mbali imene ali.