Dzina la Amayi pa Pepala la Shuga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinalemba dzina la amayi anga pa mndandanda wa anthu amoyo, iwo atagona kumanda zaka zitatu.

Tinkakhala m'mudzi wa asodzi, chakumpoto kwa Lifuwu. Pakhomo tinalipo awiri, ine ndi abambo anga a Lufeyo, koma kunena zoona ndinkakhala ndekha. Usodzi ukatsegulidwa pa chilumba cha Mbenji, abambo ankapita ndi anzawo n'kukhala komweko milungu ingapo. Ku Mbenji munthu wamkazi sapondako, ngakhale kamtsikana, choncho ine ndinkatsala m'manja mwa azakhali. Azakhali sanali ankhanza ayi, koma anali ndi ana awo asanu ndi mmodzi, ndipo mwana wachisanu ndi chiwiri amakumbukiridwa ndiwo zitagawidwa kale.

Ndikaweruka kusukulu ndinkapita pa dooko, pamene maboti ankakocheza. Pamenepo panali thandala lathu loyanikapo usipa, limene amayi ankagwirirapo ntchito ali moyo. Thandala limeneli ndi limene linkatidyetsa. Ndinkakhala pansi pake, pamthunzi wonunkha nsomba ndi mchenga wotentha, n'kumalemba mawu ndi kamtengo. Kulemba n'kumene ndinkanyadira. Nsapato ndinalibe, mnzanga weniweni ndinalibe, koma zilembo zanga zinali zoongoka moti aphunzitsi ankandituma kulemba pa bolodi iwo atakhala pansi.

Chaka chimenecho chinali cha chisankho. Loweruka lina m'mawa, abambo ali ku Mbenji, kunafika galimoto ya khansala wa dera lathu itanyamula makatoni a shuga ndi sopo. Amene ankagawa anali a Jeremiya, tcheyamani wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu. A Jeremiya anali munthu wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo pamkono pawo panali wotchi imene ife ana tinkadziwa kuti inaima kalekale. Anaika tebulo pansi pa mtengo wa mango, n'kuyala mapepala a mizere opanda mutu uliwonse, pambali pake kabokosi ka inki.

"Iwe mwana wa a Lufeyo," anandiitana, "akuti umalemba ngati makina. Tabwera ukhale apa."

Aka kanali koyamba kuti ndikhale pampando akuluakulu ali chiimire. Anthu ankabwera mmodzimmodzi, kutchula dzina, ine kulemba, iwo kudinda chala, n'kulandira paketi ya shuga ndi sopo. Palibe anafunsa kuti pepalalo linali la chiyani. Tinali titazolowera kuti chaulere chilichonse chimabwera ndi pepala, kuti mabwana akaone kuti katundu anafika. Ine mtima unali m'mwamba. Azimayi amene sankandipatsa ngakhale moni, tsiku limenelo ankawerama pamaso panga, n'kumandiuza kuti ndilembe bwino.

Mzere utatha, a Jeremiya anayang'ana mapepala aja n'kupukusa mutu. Anati maina achepa.

"Amuna amene ali ku Mbenji nawonso ndi a m'mudzi muno. Tiwamane chifukwa ali pa ntchito? Ine ndizitchula, iwe uzilemba. Chala uzidinda iweyo, koma uzisintha."

Ndinalemba maina a asodzi, la abambo anga lili pomwepo, ndipo ndinadinda zala zanga chimodzichimodzi mpaka manja onse anada. Kenaka a Jeremiya anandifunsa dzina la amayi. Ndinawakumbutsa kuti amayi anamwalira.

"Ndikudziwa, pamaliro ndinalipo. Lemba basi, shuga achuluke pakhomo."

Pamenepa ndi pamene ndimachita manyazi mpaka lero, chifukwa sindinalembe chifukwa cha shuga. Chimwalirireni, dzina la amayi linali lisanatchulidwepo. Aliyense ankangoti malemu. Abambo sankawatchula n'komwe. Tsono ndinagwira cholembera bwinobwino n'kulemba pang'onopang'ono, mokongola kuposa maina ena onse: Esinati Lufeyo. Ndinadinda ndi chala chaching'ono cha kumanzere, chimene chinali chisanagwire inki. Ndinaliyang'ana dzinalo lili pakati pa maina a azimayi amene ankatungabe madzi ndi kuyanika usipa, ndipo kwa kanthawi ndinamva ngati amayi angopita kunyumba ndi shuga wawo, ndikawapeza. Ndinabwerera kwa azakhali ndi mapaketi atatu komanso botolo la chakumwa chozizira. Azakhali analandira shuga mosangalala, osafunsa chimene chinadetsa manja anga.

Chisankho chinadutsa, khansala uja anapambananso. Patapita miyezi iwiri kunafika lole itadzaza mitengo ya simenti ndi waya waminga. Pasanathe sabata dooko lonse linali mumpanda, kuyambira pa bango mpaka pa miyala. Anthu a ganyu anazula mathandala n'kuwaunjika kunja ngati nkhuni. Anati malowo agulidwa ndi bwana wina wa ku Lilongwe amene adzamangepo loji, malo ogona alendo. Asodzi pochokera ku Mbenji anasowa pokocheza, azimayi anasowa pochapa ndi poyanika. Abambo anapeza thandala la amayi litathyoka miyendo iwiri. Analinyamula pamutu mpaka kunyumba, n'kulitsamiritsa kuseri kwa khitchini.

Abambo anga anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo sukulu sanapiteko. Koma ulendo uwu anayenda khomo ndi khomo. Ena anawamvera. Ambiri ankangoti, "A Lufeyo, izi ndi za andale, mudzafera za eni." A Jeremiya ankauza aliyense kuti mudzi unavomera wokha, ndipo umboni uli ku boma. Abambo ndi amuna ena ochepa anapalasa njinga mpaka ku Salima katatu konse, kukakhala pakhonde la ofesi kuyambira m'mawa, mpaka mkulu wina anavomera kuti abwera kudzamva nkhaniyo kumudzi.

Masiku onsewo ine ndinali chete. Ndinali nditazindikira kale kuti umboni umene ankanenawo unali wa dzanja langa. Abambo akamauza anzawo kuti iwo sanadinde chala paliponse, ine ndinkangochokapo. Ndinalibe woti ndimuuze. Azakhali akanandikalipira kuti ndiwabweretsera mavuto, ndipo thandala limene ndinkabisala pansi pake linali litagona kuseri kwa khitchini. Ndinkangosamba m'manja kawirikawiri, ngakhale inki inali itachoka kalekale.

Tsiku la msonkhano anthu anadzaza pansi pa mango womwe uja. Mkulu wa ku boma anatulutsa mapepala, ndipo ndinawazindikira ndili patali. Koma pamwamba pake panali pepala lina lotayipidwa, limene pa tsiku la shuga panalibe. Anawerenga kuti ife anthu a m'mudzi uno tavomera mwa kufuna kwathu kupereka dooko lathu kuti pabwere chitukuko. Kenaka anayamba kuitana maina. Atafika pa dzina la abambo, iwo anaimirira.

"Bwana, tsiku limenelo ine ndinali ku Mbenji."

A Jeremiya anaseka, n'kukonza jekete. "Chala chawo ndi icho, bwana. Pepala silinama. Anthu akwathu kuno amadya kaye, kukana pambuyo."

Anthu ena anaseka nawo. Ndinaona amuna amene ankapalasa njinga ndi abambo akuyamba kuwayang'ana cham'mbali, ngati akuganiza kuti mwina nawonso analandirako kanthu mobisa. Abambo anali chiimire, opanda chowonjezera, chifukwa munthu wosadziwa kuwerenga sangatsutsane ndi pepala. Mkulu uja anapitiriza, ndipo patangodutsa maina ochepa anati, "Esinati Lufeyo."

Abambo anavula chipewa.

"Bwana, tabwerezani dzina limenelo."

Mkuluyo anabwereza. Abambo anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamenyedwa ndi nkhafi pamsana. Sanakalipe. Ankangoyang'ana chipewa chili m'manja mwawo.

Kwathu mwana salankhula pabwalo la akulu, makamaka wamkazi. Komabe ine ndinaimirira. Azakhali anandikoka diresi, koma ndinali nditayamba kale.

"Ndinalemba ndine. Amayi anga anamwalira. Chala chimenecho ndi changa, cha abambonso ndi changa."

Ndinafotokoza zonse, za tebulo, za shuga, za kusintha zala. A Jeremiya anati ndine wamasiye wosaleredwa, wabodza ngati amayi anga omwe. Mkulu wa ku boma anandiitana, natulutsa inki m'chikwama chake, n'kundidinditsa chala chaching'ono m'mphepete mwa pepalalo. Anayang'ana nthawi yaitali. Ngakhale amene anali kumbuyo ankatha kuona kuti zala za asodzi, anthu okoka makoka, sizingakhale zazing'ono chomwecho. Mayi wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti iye anadinda chifukwa cha shuga, za dooko sanauzidwe. Anatsatira wina, kenaka winanso. Sanali ambiri, koma anakwana kuti mkuluyo apinde mapepala aja n'kunena kuti nkhaniyi iyambirenso.

Ndikanakonda ndikanati zinatha bwino, koma ndinganame. Mpanda unakhalapo pafupifupi chaka, abambo ndi anzawo akupalasabe njinga. Potsiriza unasunthidwa, n'kutisiyira theka la dooko ndi kanjira kopita kumadzi. Loji inamangidwa, ilipo mpaka lero, ndipo ana a asodzi amaonera alendo akusambira kudzera pa waya. Khansala anamaliza nthawi yake bwinobwino. A Jeremiya anafolera nyumba yawo ndi malata.

Ine ndinatsala pakati. Abale a a Jeremiya ankati ndine mwana wolongolola amene ndachititsa manyazi akuluakulu. Akazi a asodzi ankati ndine amene ndinagulitsa dooko ndi botolo la chakumwa. Mbali zonse ziwiri zinaletsa ana awo kucheza nane. Teremu yonse ndinkapita kusukulu ndekha, kubwera ndekha, ndipo aphunzitsi akandituma pa bolodi ndinkati dzanja likupweteka.

Koma chimene chinandiwawa koposa chinali cha kunyumba. Abambo sanandimenye, ndipo ndinkalakalaka akanandimenya. Anakhala masiku atatu osandilankhula. Tinkadya mbale imodzi ngati anthu okumana pa depoti. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, ndipo osadzutsa mutu anandiuza kuti ndibweretse kope ndi pensulo.

"Lemba dzina la amayi ako, monga unalembera tsiku lija."

Ndinalemba misozi ikugwera pa kope. Anaika ukonde pansi, natenga kopelo, n'kuliyang'ana mozondotsa. Ndinawatembenuzira.

"Ndiye ndi limeneli?" anatero, akutsata zilembozo ndi chala chawo chokhakhala. "Mlendo anandiwerengera dzina la mkazi wanga ine ndili ngati chitsa. Undiphunzitse, ndizilidziwa ndekha."

Patapita kanthawi anawonjezera kuti nsomba siifera mbedza, imafera nyambo, ndipo kuti ine ndinameza nyambo monga anamezera akuluakulu, kungoti ndinailavula anthu akuona. Mawu a nkhaniyi anathera pomwepo, sanaibwerezenso moyo wawo wonse. Koma kuyambira tsiku limenelo, akakhala kuti sali ku Mbenji, tinkakhala pakhonde ndi kope, ndipo dzina la amayi linayambanso kumveka pakhomo pathu.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo pa misonkhano anthu amandidziwa ngati mayi wovuta. Pepala likamayenda kuti tisaine, ine ndimafunsa tsamba loyamba, n'kuliwerenga mokweza kuti ndi agogo akumbuyo omwe amve. Ena amang'ung'udza kuti ndikuchedwetsa za m'botolo. Ndimawasiya ang'ung'udze.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti a Jeremiya anandisankha chifukwa cha zilembo zanga zokongola. Ndakula ndi pamene ndazindikira kuti ana olemba bwino analipo ena m'mudzimo. Iwo ankafuna mwana amene akafika kunyumba ndi manja akuda, palibe amene amufunse kuti walemba chiyani. Akuluakulu akuba sanyamula okha waya kapena cholembera. Amafunafuna wanjala, wosadziwa kuwerenga, ndi amene alibe womufunsa, ndipo m'midzi yathu anthu oterewa sasowa.

Abambo anamwalira zaka zinayi zapitazo. Sanafike potha kuwerenga kalata, koma pokonza katundu wawo ndinapeza tsamba lija la m'kope litapindidwa m'thumba la jekete lawo la kutchalitchi. Pamwamba panali dzina la amayi m'zilembo zanga za ubwana. Pansi pake, mpaka kumapeto kwa tsamba ndi kuseri komwe, linali dzina lomwelo m'zilembo zawo zokhotakhota, ndipo pambali pa lililonse panalibe chala cha munthu.