Mzere Umene Mayi Anga Anakana Kuchotsa

Mayi anga sanamalize sekondale, koma anagwira ntchito yotayipa mu dipatimenti ya masamu pa yunivesite kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ofesi yawo inali kachipinda kopanda zenera pansi pa masitepe, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Mayi Tayipi. Lamulo la ntchitoyo linali limodzi: tayipa zimene wapatsidwa, ngakhale zikhale zopusa.

Panali pulofesa wina wachikulire amene ankafufuza masamu a kayendedwe ka zinthu zamadzimadzi, monga mafuta oyenda m'paipi mosasinthasintha. Mkuluyo anali wolongolola akamapereka mapepala, ndiye mayi anatolapo zambiri. Kunyumba ankatiuza uku akutsuka mbale: "Akuti masamu amenewa yankho lake limakhalapo nthawi zonse, bola osaumirira kuti likhale losalala paliponse. Koma kuti likhale limodzi lokha, zamadzizo zikhale zonanda ngati uchi, kapena zizikankhidwa pang'onopang'ono. Kupanda apo, palibe angalumbire." Ife tinkangoseka, n'kumati amayi ayamba uphunzitsi.

Pulofesayo atamwalira, bwana watsopano wa dipatimenti, bambo wa masuti onyezimira, anatenga zolemba za malemuyo kuti azisandutse buku la ophunzira. Pa tsamba lina anadula ndi cholembera mzere wonena za kunanda ndi kukankha pang'onopang'ono uja. Ankafuna kuti mawuwo amveke amphamvu: yankho lilipo, ndipo ndi limodzi, basi.

Mayi anautayipa mzerewo monga unalili kale. Pepala linabwerera mzere utadulidwanso. Iwo anaubwezeretsa. Kenako bwanayo anatsika yekha masitepe.

"Mayi, kodi maso ayamba kuvuta?"

"Maso ali bwinobwino, bwana. Mzerewu ndautayipa zaka zambirimbiri. Mukauchotsa, ana aphunzira bodza."

"Masamu munaphunzira kuti inu? Ntchito yanu ndi zala, za mutu tisiyireni ife."

"Ndiye pezani zala zina. Zangazi zakana."

Apa n'kuti kutatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Malume anabwera kunyumba kudzawanyengerera. "Achemwali, buku ndi la eni, dzina lanu silikhalapo n'komwe. Mukufera chiyani?" Inenso ndinawapsera mtima, sindibisa. Ndinkaona kuti akudziputira mavuto chifukwa cha mawu khumi amene sakanatha kuwafotokoza pa bolodi.

"Kufotokoza sindingathe, inde," anatiyankha mayi. "Koma ndinaona malemu pulofesa aja akutuluka thukuta miyezi isanu ndi itatu kufuna kuuchotsa mzerewo mwachilungamo, mpaka anagwa nawo mphwayi. Uyu wauchotsa ndi bolopeni Lachiwiri masana."

Bwanayo anawalembera kalata yoti ndi osamvera, n'kuwasamutsira ku chipinda cha makalata kukamata maenvulopu. Bukulo anatayipa wina, linatuluka lopanda mzerewo, ndipo palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anapita kukawauza kuti mayi munalondola. Ankadziwa ndithu, koma aliyense ankateteza khosi lake. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Tsiku lawo lomaliza ndinapita kukawanyamulira katundu: kapu, juzi ndi kakhushoni ka pampando. Tili pa geti ndinawafunsa ngati akunong'oneza bondo.

"Kwambiri," anatero. "Kachiwiri kaja ndikanautayipa ndi zilembo zikuluzikulu."