Mphini Zanga za Ulesi

Adzukulu akandifunsa za mphini zili m'mbali mwa maso angazi, ndimangoti ndinadwala kwambiri. Bodza si lonse ayi.

Inali nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, nditangolowa chikamwini kufupi ndi Nsaru. M'mimba munkandipota, chimbudzi chili magazi okhaokha. Asisitere a ku mishoni anandipatsa mapiritsi oyera, nandichenjeza kuti mutu uzipweteka. Unapwetekadi, nseru pamwamba, mpaka apongozi anga aakazi anandiletsa kugwira khasu m'munda mwawo.

Mapiritsi anatha, m'mimba munaleka, mutu unasiya. Koma luzi lomwe ndinkamanga kumutu sindinamasule. Inali nyengo yopalira, ndipo mthunzi wa pakhonde ndinali nditauzolowera. Munthu akamadutsa, ndinkabuula.

Tsiku lina mkazi wanga anafika ndi sing'anga wonyamula lumo ndi nsupa.

"Amayi akuti mankhwala a Azungu akusiyirani litsipa. Awa akutemeni."

"Lerotu ndikupezako bwino," ndinatero.

Apongozi, amene mwamwambo sitinkayang'anana, anayankhira kuseri kwa nkhokwe: "Uwauze bambowo asadzilimbitse mtima. Kubuula kwawo tonse takumva."

Apa mpamene ndikanaulula. Koma ndinakhala pamphasa, alamu anga awiri atandigwira mapewa, lumo lobuntha likuyenda. Mankhwala amene anapaka ankawotcha ngati tsabola. Tsiku limenelo mutu unapweteka zenizeni.

M'mawa mwake ndinali woyamba kufika kumunda. Sing'angayo anatchuka mpaka ku Kabudula, ndipo anthu ambiri odwaladi mutu anatemedwa chifukwa anaona mmene ine ndinachirira.