Manja Amene Anasambitsa Sharifu

Ku Najma, mumzinda wa Doha ku Qatar, kumsika wa mipando yakale, kunali munthu wa ku Machinga dzina lake Che Latifu. Anali wamtali, wouma thupi, ndevu zitayamba kuchita mbuu. Ntchito yake inali yokonza makabati, mabedi ndi matebulo amene anthu ochoka m'dzikomo ankagulitsa motchipa. Mwini shopu, mmwenye wonenepa amene onse ankangomutcha Mudiru, ankamukonda pa chifukwa chimodzi: sankalankhula.

Kusalankhulako sikunayambire ku Doha. Kwawo Che Latifu anali wosambitsa maliro pamzikiti wa m'mudzi mwawo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake ali mnyamata, ndipo asanamuphunzitse kufunditsa madzi kapena kung'amba sanda, anamuphunzitsa lamulo: wosambitsa ali ndi manja, pakamwa alibe. Chimene waona kuseri kwa chinsalu, kaya ndi chilonda chobisika, kaya ndi nthenda yochititsa manyazi, chimalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Che Latifu anasambitsa mafumu, akuba ndi makanda, ndipo ngakhale mkazi wake, pamene anali moyo, sanamvepo kanthu.

Kenaka linafika tsiku loti asambitse mphwake.

Sharifu anali mwana wa mlongo wake, Ashura. Anali mtolankhani pa kawailesi ka m'deralo, mnyamata wa phokoso, woyenda pa njinga yamoto ya kuntchito ndi kachojambulira mawu m'thumba la malaya. Chaka chimenecho anakakamira nkhani ya mitengo ya m'phiri. Malole ankatsika nayo mitengoyo yodulidwa popanda chilolezo, ndipo mudzi wonse unkamudziwa mwini malolewo, wamalonda wamkulu wa pamsika. Onse ankanong'ona. Sharifu anakanenera pa wailesi, n'kutchula ndi dzina lomwe.

M'mawa wina anamupeza m'ngalande ya mumsewu, njinga ili pambali pake. Amene anamutola anati ndi ngozi. Chisilamu sichigoneka maliro, ndipo amene ankafulumizitsa anthu kuti aike dzuwa lisanalowe anali Che Latifu yemweyo. Dokotala sanaone thupilo. Analiona ndi anthu atatu okha kuseri kwa chinsalu: Che Latifu wosambitsa, nkhalamba ina Che Ajibu yothira madzi, ndi Shaibu wogwira nsalu.

Munthu wogwa pa njinga amasupuka zikhatho ndi mawondo. Zikhatho za Sharifu zinali zosalala ngati za mwana. Koma m'mikono monse muwiri munali mizere ya chingwe yolowa m'mnofu, msana unali mikwingwirima yokhayokha, ndipo kuphazi kunali kotupa ngati mkate. Atatuwo anayang'anizana. Che Ajibu anangoti, "Madzi akuzizira." Anamaliza, anakulunga, anakaika.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi, wamalonda uja anatumiza thumba la mpunga. Lachisanu lililonse ankaswali mzere umodzi ndi Che Latifu, phewa kukhudza phewa. Patapita miyezi, atamva kuti ejenti wina akufuna akalipentala ku Qatar, Che Latifu, amene ankadziwanso ntchito ya matabwa, anagulitsa mbuzi zake n'kunyamuka. Anauza anthu kuti akukasaka ndalama.

Ku Najma ankagona m'chipinda chimodzi ndi anthu a ku Nepal ndi a ku Bangladesh, ndi Mmalawi mmodzi, Grayson wa ku Mulanje, bambo wa ana anayi, wophika pa hotela. Grayson ndiye anali Chichewa chonse cha Che Latifu m'dzikomo.

"Madala, inuyo tsiku lomwe mudzafe tidzadziwa patatha wiki," ankatero akuvula nsapato. "Kusiyana kwake palibe. Bedi ili la sekondihandi limalankhula kukuposani."

"Nsapato zako zikulankhula kale. Kaziike panja."

"Eee, ayankhula! Lero kugwa mvula m'chipululu!"

Matenda a korona atafika, msika unatsekedwa, mizikiti inatsekedwa. A hotela anatenga antchito awo kukawasunga pamalo amodzi, ndipo Grayson anapita ndi chikwama chake. Che Latifu anatsala pakati pa anthu abwino amene sankamvana nawo. Ankakhala pa bedi, n'kumamva azana yoitanira anthu ku swala ikuchokera pamzikiti wopanda anthu, woitanayo akuwonjezera mawu akuti aliyense aswalire m'nyumba mwake. Masiku ena dzuwa linkatuluka mpaka kulowa iye osatsegula pakamwa kupatula pa swala.

Ndi m'masiku amenewo mmene Raihana, mkazi wamasiye wa Sharifu, anaimba foni.

"Amalume, anzake a malemu, atolankhani aja, apeza loya. Akuti mlandu ungatsegulidwenso, koma pakufunika munthu amene anaona thupi ndi maso ake, adzalumbire kukhoti."

"Tinalipo atatu."

"Che Ajibu anamwalira nthawi ya mvula. Shaibu pano akuyendetsa lole ya munthu yemwe uja. Mwatsala inu."

"Wosambitsa sanena, mwanangu. Iwe ukudziwa."

"Ine sindikudziwa kanthu, Amalume. N'chifukwa chake ndikufunsa. Mwana wayamba kundifunsa kuti ababa anagwa bwanji, ine ndikumuuza zimene sindikuzikhulupirira. Ndipo mnyamata amene analowa m'malo mwa malemu pa wailesi paja, amuuza kale kuti njinga zimagwa."

Che Latifu anagwira pa chifukwa china. Anati kuno munthu sachoka mwakufuna kwake, mpaka bwana wako asaine.

"Zimenezo akuti zinatha," anatero Raihana. "Tinamva pa nkhani."

Zinali zoona. Malamulo a ntchito anali akusintha chaka chimenecho, ndipo khoma limene Che Latifu ankabisalako linali litagwa iye ali chitsamire.

Anaimbira mlongo wake kuti amve maganizo ake. Ashura sanamudikire kuti amalize.

"Achimwene, mwana wanga anagona. Mukatsegula pakamwa, a boma adzabwera ndi makasu kudzamufukula, anthu akuonerera. Munamukulunga ndinu, ndiye mukufuna mumuvule ndinu? Munthu uja sadzamangidwa, ndipo ife ndi amene tidzatsale naye m'mudzi muno. Mukachita zimenezo, ine mlongo ndilibe."

Mizikiti itatsegulidwa, Che Latifu anapita ndi mkeka wake woswalira, nsalu ili kukamwa, n'kuima patali ndi anzake monga ankalamulira. Atatha kuswali anadikira imamu pakhomo. Ankafuna munthu wophunzira amuuze ngati lamulo la wosambitsa lili ndi polekezera. Koma Chiarabu chake chinali cha swala ndi cha pamsika: mtengo, mawa, zatha. Analoza mikono yake, anachita ngati akuthira madzi, anatseka pakamwa ndi dzanja. Imamuyo anaganiza kuti mkuluyu ali ndi wodwala kwawo. Anamupempherera mwachifundo, osamugwira dzanja poti zinali zoletsedwa, n'kulowa m'galimoto. Che Latifu anabwerera wapansi m'dzuwa, funso lake lili m'manja.

Msika utayambiranso, matenda anamupeza. Zinayamba ngati malungo, kenaka chifuwa, kenaka galimoto inabwera kudzamutenga kupita naye ku kwarantini, kunja kwa tauni. Anamupatsa chipinda chayekha. Chakudya ankasiya pakhomo n'kugogoda. Pawindo pankaoneka mchenga ndi mpanda basi.

Kuseri kwa khoma kunali munthu wina amene sanamuonepo nkhope. Ankamudziwa ndi chifuwa chake chokha, ndipo anazolowera kumumvera ngati mnansi. Masana ena kunabwera anthu ovala zoyera thupi lonse, kunamveka mawilo a bedi m'khonde, ndipo chifuwacho sichinamvekenso. Kaya anapita naye kuchipatala chachikulu, kaya kwina, panalibe womufunsa.

Che Latifu anayamba kuganiza za thupi lake ngati mmisiri. Ndikafera kuno, adzandisambitsa mlendo. Adzaona chiyani? Adzaona mphini zimene amayi anandidula ndili mwana, zimene Ashehe ankadana nazo. Adzaona chotupa cha m'chuuno chimene ndabisa zaka zonsezi. Zimenezo ndi zanga, azibise, Mulungu amudalitse. Koma wina akanandimanga chingwe m'mikono, chingwecho n'changa? Manyazi ake ndi anga?

Anakhala tsonga pa bedi, thukuta lili kamukamu. Bambo ake anamupatsa nsalu yoti azifunditsa akufa, amene sangathe kudzifunditsa okha. Iye anaitenga nsaluyo n'kufunditsa munthu wamoyo, wonenepa, wotumiza mpunga pa sadaka. Ndipo chifuwa ichi chikamutenga, zimene anaona zidzakwiriridwa mumchenga wa eni, kutali ndi khoti lililonse. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mboni imawola.

Sanafe. Anatuluka atawonda, ndevu zitayereratu, n'kupita kwa Mudiru kukapempha tchuthi.

"Tchuthi mafi," anatero Mudiru, kutanthauza kuti palibe. Ntchito inali itangoyambiranso ndipo makabati anali mulu. Ananena mosabisa kuti akapita, malo ake aikapo wina. Sananene mwankhanza, ndipo anamuthirira tiyi.

Grayson, amene anali atabwerera m'chipinda muja, ndiye anamulembera notisi pa foni.

"Madala, mukudziwa chimene mukuchita? Mukarizaina pa msinkhu wanuwu, viza ina simudzaiona. Khalasi, zatha. Anthu akulirira kubwera kuno, inu mukuthamangira kukadya fumbi ku Liwonde."

"Lemba."

"Ndilembe kuti chifukwa chake n'chiyani? Mwapeza kamkazi?"

"Lemba kuti ndili ndi mawu okanena."

Grayson anaseka mpaka kutsamwa. "Inuyo? Mawu? Zaka zonsezi mumawasungira kubanki?" Koma atamuyang'ana nkhope analeka kuseka. Che Latifu anamuuza zonse, kuyambira pa mitengo ya m'phiri mpaka pa madzi a Che Ajibu. Aka kanali koyamba kuti mawuwo atuluke m'kamwa mwake, ndipo anatuluka movuta ngati msomali wadzimbiri. Atamaliza, Grayson anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga akakakupangani ngati mphwanuyo?"

"Ndiye wosambitsa wanga adzanene."

Lachisanu lotsatira, atachoka ku swala, anaimbira Raihana n'kumuuza kuti aitane loya uja. Analankhula pa vidiyo atakhala pa masitepe a nyumba, poti m'chipinda munali anthu. Loyayo ankalemba. Raihana anamvetsera mpaka pa za kuphazi, kenaka nkhope yake inachoka pa foni ndipo kunkangooneka denga la malata. Atabwerera anati, "Zikomo, Amalume." Loya sanalonjeze kanthu. Anati milandu yotere yambiri imafera m'njira, mafayilo amasowa, mboni zimadwala mwadzidzidzi. Anati chimene angalonjeze n'chakuti mawuwa adzamveka pamaso pa woweruza, mwini malole ali pomwepo.

Che Latifu anaimbira yekha Ashura, kuti asamve kwa anthu.

"Chemwali, ndanena. Ndikubwera kudzalumbira."

Kunamveka nkhuku, ndi mwana akulira chapatali. Kenaka foni inaduka. Anaimbanso tsiku lotsatira, ndi linzake, koma inkangoitana. Uthenga wochokera kumzikiti wa kwawo unamupeza kudzera mwa msuweni: akulu akuti akafika asadzayandikirenso kuseri kwa chinsalu, chifukwa palibe banja lingapereke maliro ake kwa wosambitsa wa pakamwa. Che Latifu sanawakwiyire. Akanakhala iye pa mpando wawo zaka zapitazo, akanagamula chimodzimodzi.

Tsiku lonyamuka anapukuta zipangizo za shopu n'kuzipachika m'malo mwake. Grayson anamuperekeza pokwerera basi ya ku bwalo la ndege, atamusenzetsa katundu wa mkazi wake ku Mulanje, mafoni awiri ndi nsalu.

"Musakagulitse m'njira, Madala. Ndipo mukakafika kukhotiko mukakweze mawu. Majaji sadziwa kumva ndevu."

Basi inadutsa m'misewu ya Najma, pa mashopu osinthira ndalama ndi pa mulu wa mabedi a anthu amene anapita kale. M'basimo munali anthu a mitundu yambiri, aliyense nsalu kukamwa, aliyense maso pa foni yake. Che Latifu anakhala pawindo, chikwama pamiyendo. Kumene ankapita kunali mlongo wosamuyankha, mzikiti wosamufuna, ndi mkazi mmodzi wamasiye amene adzamudikire pa depoti.

Anaika manja pa chikwamacho n'kuyamba kubwereza chamumtima, kuti pa tsikulo asadzasiyepo kanthu. Anatsata dongosolo limene bambo ake anamuphunzitsa, kuyambira kumanja. Chikhatho chakumanja, chosalala. Mkono wakumanja, chingwe. Chikhatho chakumanzere. Mkono wakumanzere. Kenaka kumutembenuza pang'onopang'ono, kuti aone msana.