Mizere Inayi ya Marisa

Kalatayo inali yaifupi, koma Marisa Dudek anaiwerenga kanayi ali chiimire pa siteji ya basi, chipale chofewa chikumugwera m'mapewa. Yunivesite inali itamuchotsa. Anali atalephera kawiri phunziro la kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta, ndipo lamulo linali lakuti wolephera kawiri azilongedza. M'munsi mwake analemba kuti akhoza kudandaula kamodzi kokha, pamaso pa komiti, pa 14 Epulo. Umu munali mu Januwale, chaka cha 1993.

Inu amene muli ndi kalata yotere m'thumba, kaya ya kusukulu kaya ya kuntchito, takhalani pansi ndikuuzeni. Ndinakhala zaka zambiri m'tauni imene zimenezi zinachitikira, ku Ohio m'dziko la America, ndipo nkhaniyi ndikaikumbukira mtima umandiwawabe.

Bambo ake a Marisa ankagwira ntchito pa fakitale yoika nyama m'zitini. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali chiimire pa lamba woyendetsa zitini, mpaka mawondo anatha. Lamulungu lililonse akachoka ku Misa ankamuimbira foni.

"Injiniya wanga ali bwanji?"

"Ndili bwino, adadi."

"Kapitawo amafunsa ngati akusungire malo pa lamba. Ndamuuza kuti apatse wina. Mwana wanga sadzanunkha nyama ngati ine."

Marisa anaika foni pansi. Komiti ikadzamukana, malo a pa lamba aja ndi amene ankamudikira.

Tsono musaganize kuti mtsikanayu anali wouma mutu. Ayi ndithu! Phunzirolo linkaphunzitsidwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C. Pulogalamu ya chinenero chimenechi siiyenda pomwepo ukangoilemba. Umayamba waipereka kwa makina kuti aiumbe, monga njerwa zimene umayamba waotcha usanamangire. Makina oumbawo anali amodzi, ophunzira mazana awiri. Unkadikira mphindi makumi awiri, ndiye ngati unaiwala kadontho kamodzi, makinawo ankakubwezera zonse, n'kuyambanso kudikira.

Anzake ankatandala m'chipinda cha makinacho masana onse. Marisa masana ankagwira ntchito ku laibulale, kubwezera mabuku m'mashelefu, ndipo ankapeza ola limodzi lokha patsiku. Mu ola limodzi ankayesa katatu. Katatu basi! Ndani angaphunzire kupalasa njinga ngati amaloledwa kugwa katatu patsiku?

Tsiku lina akulira kuseri kwa mashelefu, anamupeza Mayi Halvorsen, mkulu wa laibulaleyo, mayi wa imvi, wosaseka ndi munthu.

"Iwe, ukunyowetsa mabuku anga."

"Pepani, mayi."

"Pepani sapukuta buku. Chavuta n'chiyani?"

Marisa anawapatsa kalata ija. Anaiwerenga, n'kuibweza. Kenako anapisa m'thumba la juzi natulutsa kiyi.

"Chipinda chapansi muli kompyuta yakale. Anyamata a za makompyuta anaitaya, akuti muli chinenero cha ana chotchedwa Tcl. Nthawi ya nkhomaliro ndi yako. Ine sindikudziwa kanthu za zimenezi, koma ndikudziwa chimene ndikufuna."

Chimene ankafuna ndi ichi. Masiku amenewo masamba a pa intaneti anali atangoyamba kumene, analipo ochepa dziko lonse. Pa makompyuta a mu laibulale, kuti utsegule tsamba unkayenera kutaipa malamulo ataliatali, ndipo owerenga ambiri ankangonyanyala. Mayi Halvorsen ankafuna pulogalamu yoti munthu azingodina pa mawu, tsamba n'kutseguka. Lero timaitcha bulawuza. A dipatimenti ya makompyuta anali atalonjeza kuti Curtis Brandt, wophunzira wawo wanzeru kuposa onse, awalembera m'chinenero cha C. Miyezi isanu inali itadutsa, kuli zii.

Masana amenewo Marisa anatsikira m'chipinda chija, buledi wake wa tchizi ali m'manja. Anatsegula kabuku ka malangizo, n'kutaipa mzere umodzi wouza makina kuti ajambule batani. Asanachotse n'chala chomwe, batani lija linali pa sikirini.



Anataipa mzere wina, n'kulakwitsa. Makina anamuuza pomwepo pamene walakwitsa. Anakonza, zinatheka. Chinenerochi sichinkafuna kuumbidwa kaye. Makina ankawerenga mzere n'kuchita, kuwerenga wina n'kuchita, ndipo ukanatha kusintha pulogalamu ili mkati moyenda. Ola litatha anawerenga timizere timene ankalemba pa pepala nthawi iliyonse akayesa. Tinali makumi asanu ndi atatu. Buledi uja anali asanamulume n'komwe.

Kuyambira tsiku limenelo nkhomaliro anaiiwala. Mu Febuluwale pulogalamu yake inakoka tsamba loyamba kuchokera kutsidya la nyanja, zilembo zili balalabalala ngati nkhuku zapalasa. Analimbana nazo milungu iwiri mpaka zinakhala m'mizere. Mu Malichi anadina pa mawu odulidwa mzere kunsi, tsamba lina n'kutseguka lokha. Anakuwa mpaka Mayi Halvorsen anatsika masitepe.

"Muno ndi mu laibulale, si ku mpira! Tandionetsa."

Anadina okha. Tsamba linatseguka. Anadinanso.

"Hmm. Ikuchedwa," anatero. Koma anakhala pampandopo theka la ola.

Kuchedwa inkachedwadi, tisanamizane. Ndipo mbiri itamufika Curtis, anabwera kudzaona, manja ali m'thumba.

"Asisi, ndiye zimenezi? Mwamanga nyumba ya mapesi?"

"Ikugwira ntchito."

"Ikukwawa. Agogo anga ndi ndodo yawo akhoza kuipitirira. Pulogalamu yeniyeni amalemba mu C, chinenero chimene chinakugwetsani kawiri chija. Mukapita nazo ku komiti zidolezi mukachita manyazi."

Mawuwo anamulasa Marisa, pakuti naye ankaopa zomwezo. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo yake inali imeneyi, ina analibe.

Pa 14 Epulo, cha m'ma teni m'mawa, analowa m'chipinda cha komiti. Pa tebulo panali anthu atatu, ndipo wapampando anali Pulofesa Wendt, yemwe uja anamulepheretsa kawiri. Curtis, monga wothandizira pulofesayo, ndiye analumikiza kompyuta, n'kukatsamira khoma akumwetulira. Mayi Halvorsen anakhala kumbuyo, chikwama chili pamiyendo.

"A Dudek, muli ndi mphindi khumi ndi zisanu," anatero Pulofesa Wendt, n'kuvula wotchi kuiika pa tebulo.

Marisa anatsegula tsamba loyamba. Linabwera. Lachiwiri, lachitatu. Awiri ena a mu komiti anayamba kugwedeza mitu. Pulofesa Wendt sanagwedezeke.

"Masamba amenewa mwasankha nokha, mwawayeserera. Tsegulani langa. Ndalilemba ndekha sabata yatha."

Anamuuza adiresi yake. Marisa anataipa, n'kudina.

Sikirini inachita mbuu. Kenako panatuluka kabokosi konena kuti pulogalamu yakanika.

Curtis anaseka chamumphuno. Marisa anaona lamba wa zitini uja m'maso mwake, ndi nkhope ya bambo ake.

"Zatsala mphindi zisanu ndi imodzi," anatero pulofesa.

Marisa anapukuta manja pa siketi, n'kutsegula tsambalo mmene mwini wake analilembera. Masamba a nthawi imeneyo ankalembedwa pamanja, ndipo zizindikiro zake zinkayenda ziwiriziwiri: china chotsegula mutu wa nkhani, china choutseka. Anayendetsa chala pa sikirini. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri anachiona. Pulofesa Wendt anatsegula mutu, koma anaiwala kuutseka. Pulogalamu ya Marisa inafunafuna chotsekacho mpaka kumapeto kwa tsamba, itachisowa inagwa.

Mawu anafika pamlomo: cholakwa n'chanu! Akanatha kutembenuza sikirini kuti onse aone. Ine amene ndikanatero. Koma munthu amene wagwira cholembera cha moyo wako sumuvula pagulu, komanso Marisa anaona chinthu china. Mawa wina adzaiwalanso chimodzimodzi, ndipo wowerenga wa mu laibulale sadzasamala kuti wolakwa ndani. Adzangofuna tsamba.

Anatsegula kazenera kakang'ono pambali, pulogalamu ili chiyendere, n'kutaipa mizere inayi. Inkauza bulawuzayo kuti ikapeza mutu wosatseka, iziutseka yokha ndime ikatha, n'kupitiriza.

Anadina. Kabokosi kenanso! Zala zake zinali zitadumpha chilembo.

"Basi, zatha izi," Curtis ananong'ona mokweza.

"Mphindi zitatu," anatero pulofesa.

M'chipinda cha makina chija, apa ndiye pakanathera zonse, pakuti kudikira kwake kukanaposa nthawi yotsalayo. Koma Marisa anali atagwa kambirimbiri m'chipinda chapansi, moti kugwa kunali kutasiya kumuopsa. Anabwezera chilembo chija, n'kudinanso.

Tsamba linatambasuka pang'onopang'ono, mwa ukamba wake womwe uja. Pamwamba dzina la Pulofesa Wendt m'zilembo zikuluzikulu, m'munsi ndandanda wa maphunziro ake, zonse m'malo mwake.



"Simunaizimitse," anatero pulofesa.

"Ayi, a Pulofesa."

"Mwaikonza ikuyenda."

"Inde."

"Vuto linali pati?"

"Linali kwa ine. Ndinalemba pulogalamu yoyembekezera kuti anthu salakwitsa."

Pulofesa Wendt anadzuka, anavala magalasi, n'kuwerama pa sikirini. Anawerenga yekha mpaka pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Makutu ake anafiira psuu.

"Ndinaiwala kutseka," anatero chapansipansi. "Wophunzira akanachita zimenezi ndikanamulepheretsa."

"Munandilepheretsa, a Pulofesa. Kawiri."

Kalanga ine! Mawuwo anatuluka okha. Mayi Halvorsen anatsokomola kumbuyo kuja. Marisa anangoti basi, ndadzitsekera ndekha chitseko.

Pulofesa anatembenukira kukhoma kumene Curtis anatsamira.

"A Brandt, yanu ija tsamba langali imatsegula?"

"Ndi... ndikuiumbabe, bwana."

"Mukanapeza vuto ngati ili, mukanakonza nthawi yanji?"

Curtis anayang'ana nsapato zake. "Mwina madzulo."

Pulofesa anabwerera pampando. "A Dudek, munthu wolemba izi analephera bwanji phunziro langa?"

"Ndinkapeza ola limodzi patsiku. Mu ola limodzi makina anu amalola kuyesa katatu."

"Nanga pa ichi mwayesa kangati?"

Marisa anatulutsa mapepala aja m'chikwama, mtolo wathunthu, odzaza timizere kutsogolo ndi kumbuyo. Pulofesa anawatembenuza limodzilimodzi. Kenako anavala wotchi yake, n'kutenga cholembera.

"Mubwereza phunziro langa kachitatu, C yemweyo, sindikukuchotserani kanthu. Koma mukhala ndi makina anuanu." Anasaina.

Lamulungu lotsatira foni itaitana, Marisa sanadikire funso.

"Adadi, ndakhala ndikukunamizani. Anandichotsa sukulu mu Januwale."



"Ndiye uli kuti pano?"

"Andibwezera Lachitatu."

"Miyezi itatu unasenza wekha zimenezi?" anafunsa bamboyo. "Mwana wopusa iwe. Ukuganiza kuti ine zaka zonsezi sindinagwetsepo chitini? Ndagwetsa zambirimbiri. Lamba saima, umangotola china. Tapukuta misozi, injiniya."

Phunziro lija anakhoza. Bulawuza yake siinatchuke, musayembekeze zimenezo. Inatumikira owerenga a mu laibulale ija zaka ziwiri, kenako zinabwera zina zazikulu ndi zachangu, iyo n'kuiwalika. Koma Marisa pa lamba sanaimepo. Anadzakhala mphunzitsi wa makompyuta, ndipo tsiku loyamba la kalasi iliyonse ankagawira ophunzira pepala lopanda kanthu kuti azilembapo kamzere akalakwitsa. Wobweza pepala loyera ankamukalipira.

Ndiye inu a kalata m'thumba, tamverani. Amene anakuuzani kuti ndinu wolephera anawerenga kugwa kwanu, koma sanafunse kuti munaloledwa kuyesa kangati. Mwina munayesa katatu pamene anzanu anayesa kambirimbiri. Funani chipinda chanu chapansi, kumene mungagwe msanga n'kudzuka msanga, ngakhale chida chake achitche cha ana. Tengani pepala, yambani kulemba timizere. Pepalalo lisanadzaze kutsogolo ndi kumbuyo, osataya mtima.